Asanakwere basi kapena ndege: mmene tingatetezere abale athu kwa ozembetsa anthu

Miyezi ingapo yapitayo mwana wa achemwali anga anabwera kunyumba akumwetulira mpaka mano onse panja, nkundipatsa foni kuti amalume taonani izi. Mtsikanayu anakhoza bwino MSCE koma ku yunivesite sanatengedwe, ndiye zaka zitatu wakhala akungogulitsa kaunjika pamsika. Pa WhatsApp panali meseji yoti kwapezeka ntchito ya m'hotela ku Dubai, malipiro ake oti ukawasintha m'makwacha mutu umachita kuzungulira, ndipo pasipoti, viza, tikiti ya ndege zonse akuti tilipira ndife, iwe ungobweretsa zithunzi ndi chitupa chaunzika. Amene anatumiza mesejiyo sanali mlendo ayi, ndi mayi oti timawadziwa, timakumana nawo pamaliro ndi pazinkhoswe. Ndinamuuza mwanayo kuti awafunse zinthu zitatu basi: dzina la hotelayo, kontrakiti yolembedwa, komanso kuti ndalama zonse akulipirazo adzazibweza ndani ndipo motani. Yankho linabwera pa voisi, akuti mwanawe usachedwe malo atsala awiri okha, komanso nkhaniyi usamauze anthu ambiri angakuchite nsanje nkukutsekera mwayi.

Mawu omalizawo ndi amene anandiimitsa mtima. Ozembetsa anthu amatidziwa bwino ife a Malawi, amadziwa kuti timaopa nsanje ndi kulodzedwa ndipo munthu akamapita kunja timabisa mpaka tsiku lonyamuka, ndiye amatenga mantha athu omwewo nkuwasandutsa chingwe chomangira mwana wathu. Chinthu choyamba chimene ndikufuna mugwire ndi chimenechi, munthu akakulonjezani ntchito nkukuuzani kuti musauze aliyense, ngakhale amalume anu kapena abusa kapena shehe wanu, imani kaye pomwepo. Ntchito yeniyeni siithawa chifukwa mwafunsa mafunso.

Ambiri tikamva zoti kuzembetsa anthu timaganiza za galimoto yamagalasi akuda ndi anthu ovala zobisa nkhope akuba mwana pamsewu. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Wozembetsa amabwera ndi moni, amadziwa dzina la mayi anu, mwina ndi msuweni, mnzanu wa kusukulu amene anapita ku Joni, chibwenzi cha pa Facebook, kapena azakhali a mtauni amene akuti ndipatseni mwanayu ndikamuphunzitse. Ndipo sikuti mpaka munthu awoloke boda ayi. Mnyamata wotengedwa ku Phalombe kapena ku Mulanje kupita ku esiteti ya fodya ku Kasungu kapena ku Mzimba, nkugwira chaka chonse kenako nkuuzidwa kuti ufa umene unadya ndi thiransipoti imene tinakulipirira zadya malipiro ako onse, ameneyo wazembetsedwa. Kamtsikana kotengedwa kumudzi kuti kakagulitse mushopu koma nkukapezeka kali mu bala kakugonedwa ndi azibambo ndalama nkumalandira mwini bala, kazembetsedwa. Mwana wa ku Mchinji amene akuweta ng'ombe za munthu tsidya la Zambia anzake ali mkalasi, nayenso chimodzimodzi. Chinsinsi chake ndi ichi, munthu wanamizidwa kapena kukakamizidwa, wasamutsidwa kapena kusungidwa penapake, ndipo wina akudya thukuta lake kapena thupi lake iye alibe mphamvu yochoka.

Lamulo lilipo ndipo ndi lolimba, anthu ambiri sadziwa chabe. Mu 2015 dziko lino linakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu, ndipo wopezeka wolakwa pozembetsa munthu wamkulu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 14, akazembetsa mwana mpaka zaka 21, ndipo pakakhala nkhanza zoopsa akhoza kukhala kundende moyo wake wonse. Mwana pamalamulo athu ndi aliyense wosakwana zaka 18. Pankhani ya mwana zoti "koma anavomera yekha" kapena "makolo ake anandipatsa" sizipulumutsa munthu ayi. Utenanti umene agogo athu ankauona ngati chinthu chabwinobwino nawonso unathetsedwa mu 2021 pamene lamulo la zantchito linasinthidwa. Izi muzizinena poyera pamisonkhano ya kwa amfumu, chifukwa pali anthu ena amatolera ana mmidzi kupita nawo kumaesiteti akudziona ngati akungothandiza, akamva zaka 21 amayamba kuganiza kawiri.

Tsopano tiyeni ku nkhani ya ntchito zakunja, imene yavuta kwambiri masiku ano kwacha itagwa chonchi. Sindikunena kuti ntchito iliyonse yakunja ndi msampha, alipo anapita bwinobwino ndipo amanga nyumba zamalata kwawo. Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndiye ung'ambe kaye usanadye. Mu 2024 a BBC anaulutsa nkhani ya azimayi a ku Malawi amene anakodwa ku Oman, ena anauzidwa kuti akupita ku Dubai koma ndege inakawatsitsa ku Muscat, mapasipoti nkulandidwa, nkumagwira ntchito zapakhomo kuyambira mbandakucha mpaka pakati pausiku, kumenyedwa, ena kugwiriridwa. Azimayi oposa 50 anabwerera kumudzi, ndipo chimene chinayambitsa kupulumuka kwawo ndi gulu la WhatsApp limene mayi wina wachimalawi wokhala ku America anatsegula ataona uthenga wa mmodzi wa iwo akupempha thandizo pa Facebook. Kumaiko ambiri a ku Arabu kuli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira chilolezo chako chokhalira mdzikomo kwa bwana amene wakutenga. Ukathawa panyumba pake iweyo ndi amene umasanduka wolakwa, ndipo bwanayo amati ndinalipira ejenti ndalama zambiri, ukafuna kupita undibwezere kaye. Apa mpamene "tikulipirira zonse" uja amaonekera nkhope yake yeniyeni.

Ndiye ofa ya ntchito ikabwera chitani izi musanapereke ngakhale chithunzi chimodzi. Funsani dzina lonse la kampani kapena bwana, tauni yake, adiresi ndi nambala ya foni ya kumeneko, ndipo fufuzani nokha pa intaneti, osati kudalira linki imene ejenti wakutumizirani chifukwa peji ya Facebook aliyense akhoza kupanga madzulo amodzi. Funsani kontrakiti mudakali kuno, m'chilankhulo chimene mukumva, yolemba ntchito yake, maola, tsiku lopuma, malipiro, amene alipire tikiti yobwerera komanso chimene chichitike mukafuna kusiya. Akakuuzani kuti mukasaina mukafika, kapena akakupatsani pepala la Chiarabu lokhalokha, musalole. Tengani kontrakitiyo ndi dzina la ejenti mupite nazo ku ofesi ya leba ya m'boma lanu mukafunse ngati akumudziwa ndiponso ngati ali ndi chilolezo chotumiza anthu kunja, kufunsa sikulipira ndipo safunsa anadya phula. Ejenti amene alibe ofesi, amene mumangokumana naye pa filing'i siteshoni kapena pa depoti, amene ndalama akuti muzitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ya dzina la munthu wina, ameneyo ndi wokayikitsa kale.

Viza ikatuluka iwerengeni bwinobwino, ndipo ngati Chingerezi chikuvuta pitani kwa aphunzitsi apafupi akuwerengereni. Onani dziko limene lalembedwa, onani ngati ndi viza ya ntchito kapena ya mlendo wongocheza, onani ntchito imene yalembedwa. Tikiti nayonso ionetsetseni kuti ikuthera kuti, chifukwa ndege ikhoza kudutsira ku Addis Ababa kapena Nairobi koma chofunika ndi dzina lomaliza. Akakuphunzitsani bodza loti mukanene kwa a imigireshoni pa eyapoti, monga kuti ndikukaona mlongo wanga kapena ndikupita ku tchuthi, dziwani kuti bodzalo likuteteza iwowo osati inu. Ndipo funsani kuti mulankhule pa vidiyo ndi munthu amene ejenti yemweyo anatumiza kale, koma ngakhale apo samalani, chifukwa wina amakhala akulankhula bwana ataima pambali pake, komanso ena amalonjezedwa kuti ukabweretsa mnzako tikumasula. Mufunseni pa Chichewa chakumudzi, mwamikuluwiko, muone ngati akuyankha momasuka.

Njira ya ku Joni ndiye tonse timaidziwa, palibe mudzi ku Mangochi kapena ku Mzimba umene ulibe mwana wake kumeneko. Matiransipota ambiri amangotenga ndalama nkukufikitsa basi, koma vuto limayamba pa dongosolo lija loti kwera ulere ukalipira ukayamba ntchito. Ukafika amakutsekera mnyumba, foni nkulanda, ngongole nkumakwera tsiku ndi tsiku chifukwa akuwerengera chakudya ndi pogona, kenako amakugulitsa kwa mwini fakitale kapena famu. Mu July 2016 apolisi a ku South Africa anaimitsa lole kufupi ndi Rustenburg nkupezamo ana ndi achinyamata 57 a ku Malawi atapanikizana kumbuyo. Mu November 2019 anathyola fakitale ina ku Village Deep mu Johannesburg nkupeza a Malawi 91, mwa iwo ana 37, akugwira ntchito motsekeredwa, ndipo mu 2025 khoti linagamula nzika zisanu ndi ziwiri za ku China zimene zinkayendetsa fakitaleyo kuti zikakhale kundende zaka 20.  Ngati m'bale wanu watsimikiza zopita, ayende ndi pasipoti yake mthumba mwake, adutse pa boda yeniyeni, Mwanza kapena Dedza, adinditse, thiransipoti alipiriretu kuno ngakhale zitatanthauza kudikira miyezi ina, ndipo pakhale munthu wodziwika amene akamulandire amene inu mwalankhula naye. Za mkontena ndi kuseri kwa katundu musalole, asayerekeze. Mu March 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anafera mkontena ya lole imene inachokera kuno nkukaimitsidwa ku Tete, mpweya unawathera. Ndipo sitinaiwale manda aja anapezeka mnkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu October 2022 muli matupi pafupifupi 30. Anthu amenewo anadutsa mmidzi yathu, pamisewu yathu, wina anawaona ndithu.

Munthu akatsala pang'ono kunyamuka, kaya ndi ku Joni kaya ku Arabu kaya ndi ku Lilongwe konkuno, pali tizinthu tating'ono timene timapulumutsa moyo. Jambulani pasipoti, viza, tikiti, kontrakiti ndi chitupa, musunge pa mafoni a anthu awiri kapena atatu, ndi fotokope ina ikhale kunyumba. Sungani masikirinishoti a macheza onse ndi ejenti, mavoisi ake, nambala zake, malisiti a ndalama, ndipo ngati nkotheka mjambuleni nkhope kapena nambala ya galimoto imene yabwera kudzatenga munthu. Woyendayo aloweze pamtima nambala ziwiri zakumudzi, chifukwa foni ndi chinthu choyamba kulandidwa ndipo masiku ano ambiri sitidziwa ngakhale nambala ya mayi athu. Alembenso pakapepala nkusokerera mumpendero wa chovala, pamodzi ndi kandalama pang'ono. Gwirizanani mawu achinsinsi, mwachitsanzo akanena kuti "agogo a kudambo ali bwanji" pomwe kulibe agogo otero, inu mudziwe kuti zinthu sizili bwino ndipo pali wina akumvetsera. Gwirizananinso tsiku loimbirana, kuti likadutsa kawiri osamveka muyambe kuthamanga osati kumangoti mwina alibe bandulo. Akangofika atumize lokeshoni pa WhatsApp ndi chithunzi cha geti kapena chikwangwani cha msewu. Adziwenso komwe kuli ofesi ya kazembe wathu, ku South Africa ili ku Pretoria ndipo ku Johannesburg kulinso ofesi, ku Kuwait nakonso tili ndi kazembe.

Za ana ndiye zimandipweteka kwambiri chifukwa timapereka tokha ndi manja athu. Njala ikavuta mu January ndi February, munthu akabwera ndi thumba la chimanga kapena ka 20 sauzande nkunena kuti ndipatseni mwanayu akandithandize ntchito ndipo ndimulipirira sukulu, kholo limaona ngati Mulungu wayankha. Sindikuweruza mayi amene ana ake agona ndi njala masiku awiri. Koma kulera mwana wa m'bale ndi chikhalidwe chathu chabwino ndipo tisalole anthu adyera achiipitse. Ngati mwana akupita kukakhala kwa wina, nkhani idutse kwa mwinimbumba ndi kwa amfumu, dzina la womutenga, nambala ya chitupa chake ndi komwe akukhala zilembedwe m'buku, thiransifa ya sukulu itengedwe, ndipo teremu ikayamba imbirani ahedi a sukulu yatsopanoyo mumve ngati mwanayo akulowadi mkalasi. Mukaimba foni nkumangouzidwa kuti wagona, wapita kumsika, ali kubafa, mwezi wathunthu osamva mawu ake, kwerani basi mukamuone. Lamulo la zantchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso ntchito zoopsa kwa aliyense wosakwana 18. Ukwati wa mwana wosakwana 18 nawo ndi woletsedwa, ndiye zija zoti bambo wa ku Joni watumiza ndalama kuti mtsikana wa fomu 1 amupititsire kumeneko akakhale mkazi wake, musazitche ukwati.

Enafe amene tilibe mwana woti apite tili ndi maso. Aphunzitsi ndi amayi a mother group amadziwa msanga mwana akasowa mkalasi sabata ziwiri, funsani kwawo. Makondakitala, madalaivala ndi akabaza, mukaona munthu mmodzi ali ndi tiana tisanu kapena khumi tosafanana nkhope, tosadziwa komwe tikupita, iye yekha ndi amene akuyankha mafunso onse ndipo sakudziwa ngakhale maina awo bwinobwino, musalimbane naye, ingotsinani wapolisi pa rodibuloko yotsatira. Anesi ndi azaumoyo, mtsikana akabwera ndi mabala koma womuperekeza sakufuna kutuluka mchipinda, mutulutseni kaye. Inu a mtauni, kamtsikana kantchito ka kwa aneba kamene sikatuluka pageti, sikapita kusukulu, sikanalandirepo malipiro ndipo kamanjenjemera mukakapatsa moni, si nkhani ya mnyumba mwa eni ayi, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Eni maresitihausi ndi mabala mukudziwa bwino zimene zimachitika mzipinda zakuseri. Ngakhale ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka ku Dowa, apolisi ndi a UNODC, nthambi ya United Nations yolimbana ndi umbanda, anapezako anthu ambiri ozembetsedwa, ndiye mlendo wosadziwa Chichewa amene watsekeredwa mnyumba yoyandikana nanu nayenso ndi munthu wofunika kumupulumutsa.

Nanga ngati zachitika kale, m'bale wanu wakodwa? Choyamba musamukalipire kuti tinkakuuza, nthawi imene ali nayo pafoni mwina ndi mphindi ziwiri zokha. Mufunseni komwe ali, dzina la bwana, ngati pasipoti ali nayo, ngati wavulala, ndipo muuzeni azifufuta mameseji akamaliza. Kenako tengani mapepala ndi masikirinishoti aja mupite kupolisi, funsani ofesi ya Victim Support Unit, fotokozani momveka kuti mukudandaula za kuzembetsedwa kwa munthu ndipo lembani dzina la wapolisi amene walandira nkhaniyo kuti muzitsatira. Ngati ndi mwana imbani 116, ndi yaulere, komanso pitani ku ofesi ya social welfare kwa DC. Ngati ali kunja dziwitsani unduna woona za ubale ndi maiko ena komanso ofesi ya kazembe yoyandikira, ndipo mabungwe ngati IOM (loona za anthu osamukira kumaiko ena), YONECO, Eye of the Child ndi Salvation Army amagwira ntchito imeneyi, gogodani zitseko zonse osatopa chifukwa ofesi imodzi ikhoza kuchedwa. Musathamangire kukamuopseza ejenti, amangothyola simu nkusowa, kapena kuimbira anzake kuti amusamutse munthuyo. Zoponya chithunzi ndi dzina lake pa Facebook nazo muganize kaye, nthawi zina zathandizadi koma nthawi zina bwana akaona amalanda foni nkuwonjezera nkhanza, ndiye funsani kaye mwiniwakeyo ndi amene akukuthandizani. Akakuuzani kuti tumizani ndalama timumasule, musagulitse munda usiku womwewo musanauze apolisi, ambiri amalandira nkupemphanso zina.

Akabwerera, abale anga, tisamale pakamwa. Munthu amafika ndi kachikwama kamodzi, wowonda, mwina ndi mimba kapena matenda, ndipo mmudzi mumayamba manong'onong'o oti anapita kukachita uhule, wabwera chimanjamanja, ndalama za mbuzi zija zinangopita. Manyazi amenewa ndi amene amapangitsa ambiri kukhala chete, ejenti nkumapitiriza kutenga ena mmudzi womwewo, ndipo ena amabwereranso komweko chifukwa kunyozedwa kwawo kwawakwana. Mulandireni, mupite naye kuchipatala, musamukakamize kufotokoza zonse tsiku limodzi, ndipo akafuna kukapereka umboni kukhoti mumuperekeze. Ngati iye mwini wafuna kulankhula kwa atsikana anzake mpatseni mpata, mawu ake amalowa kuposa positala iliyonse, koma asakakamizidwe.

Pa 30 July chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi kuzembetsa anthu, mabwana amayankhula mmahotela ndi pawailesi, zabwino ndithu, koma ine ndimaona kuti uthengawu umagwira bwino pamalo pamene anthu amakhulupirirana kale. Pemphani mphindi zisanu pa zolengeza za kutchalitchi kapena kumzikiti, pa banki mkhonde, pa msonkhano wa makolo kusukulu, pa gulu la WhatsApp la banja, makamaka nyengo ya njala ndi pamene mayeso a fomu 4 angotha chifukwa ndi nthawi imene maejenti amayendayenda. Musalankhule zoopseza zokhazokha, achinyamata amatseka makutu chifukwa ulova akuuona ndi maso, auzeni mafunso oti azifunsa ndi maofesi oti apiteko.

Mwana wa achemwali uja tinapita naye ku ofesi ya leba ndi dzina la ejentiyo, ndipo atawauza mayi aja kuti amalume akufuna kuona kontrakiti kaye, anamubuloka tsiku lomwelo. Anandikwiyira sabata zingapo, sankandiyankha ngakhale moni, ankati ndamutsekera mwayi. Pano tayambanso kulankhulana, akugulitsabe kaunjika wake ndipo maganizo opita kunja sanawasiye, wandiuza kuti ofa ina ikabwera abwera nayo kwa ine tiwerengere limodzi. Masikirinishoti onse aja tinakawasiya kupolisi, chifukwa pa gulu la WhatsApp limene anamuikamo munali atsikana ena amene sitikuwadziwa.